Admin ndibiseni: kunyumba anandibisira za mwana, nanenso ndikuwabisira za kuno, nditani?

Admin ndibiseni chonde, dzina lisaoneke olo pang'ono, ntchito yathu siilola. Ndakhala pa gulu pano zaka zitatu ndikungowerenga za anzanga ndikumaseka, koma lero zafika pa mwana wakana phala, ndithandizeni maganizo.

Ndine msilikali, ndili kuno kum'mawa kwa DRC, mmodzi mwa amene tinabwera pansi pa SADC limodzi ndi anzathu a ku South Africa ndi Tanzania. Malo enieni sinditchula, amene mumatsata nkhani za Sake ndi Goma mukudziwa kale dera lake. Kwathu ndinasiya madam ndi ana awiri, wamkulu ndi wamkazi ali sitandade 3, wamng'ono ndinamusiya akukwawa, pano akuti akuthamanga mpaka kuthamangitsa nkhuku koma ine amandidziwa ngati munthu wa mufoni basi.

Ndiyambe ndi za kuno kuti mumvetse mutu wanga mmene ulili. Sabata yomaliza ya Januwale chaka chino cha 2025, nthawi imene zigawenga za M23 zimalowa mu Goma, sindidzaiwala mpaka kufa. Mabomba kuyambira m'bandakucha, iwe uli m'dzenje jombo ili kuphazi masiku anayi osavula, tsiku lomwe ndinavula sokosi zala zinali zitatuwa ngati chinangwa choviika cha kondowole, fungo lake osanena. Ndiye nthaka ya kuno si dothi ngati kwathu, ndi miyala yakuda ya chiphalaphala cha phiri lija la Nyiragongo, ukamenya piki imangothetheka moto dzanja n'kuchita dzanzi, kadzenje koti ubisemo mutu kamatha tsiku lonse. Pamwamba pake mvula, usiku kuzizira ngati ku Dedza mwezi wa Juni. Masiku amenewo a Malawi tinataya anzathu atatu, a South Africa 14, a Tanzania awiri. Sindikamba zambiri pamenepo.

Kuwomberana kutachepa kunabwera china chimene sindimachiyembekezera, kudikira. Bwalo la ndege la Goma linatsekedwa, ndege sizitera. Mu Febuluwale tinamva kuti a Chakwera alamula kuti tikonzekere kubwerera, tinasangalala mpaka ena kulongedza zikwama, pa 13 Malichi a SADC nawo anati mishoni yatha, koma mpaka lero tikadali pompano tikuwerenga masiku ngati akaidi. Chakudya ndi chomwecho chomwecho, mpunga ndi za m'zitini, nsima ya mgaiwa ndi usipa ndimachita kuilota zenizeni ndikudzuka malovu ali pakamwa. Madzi ndi oyeza, umasankha wekha kuti lero ndisamba kapena ndichapa. Kutchaja foni ndi pamzere pa jenereta, netiweki imagwira pakona imodzi pafupi ndi thanki ya madzi, ndiye madzulo mumapezeka amuna akuluakulu khumi mwaunjikana pamenepo mafoni m'mwamba, aliyense akunong'ona ndi mkazi wake. Mnzanga amene timagona tenti imodzi chivundikiro cha poto chikangogwa amadzigwetsa pansi, usiku amakuwa kutchula dzina la munthu amene kulibenso.

Zonsezi kunyumba sadziwa. Ndikaimba mawu anga ndi amodzi, tili bho, zimene mukuona pa TV zili kutali ndi ife. Tsiku lina ndikuyankhula ndi madam chinalira chinthu chapafupi kwambiri mpaka thanki kunjenjemera, iwo anafunsa kuti chimenecho n'chiyani, ine ndinati ndi bingu, kuno mvula yavuta. Ndimaona ngati ndikuwateteza. Ndipo nthawi ya kuno ndi ya kwathu ndi imodzi, ikakwana 6 madzulo ndimadziwa kuti pano akupakula nsima, ndiye ndimati bola adye mwamtendere.

Ndiye Lamulungu lapitali ndinaimba, madam anali atapita kumjigo foni anasiya m'nyumba, anayankha ndi mwana wamkulu uja. Tacheza za kusukulu, kenako akuti adadi mukabwera mudzaone pamene anamubaya mwana padzanja, pali chipsera. Ndinati anamubaya ndani. Akuti adokotala nthawi ija anagona kuchipatala ndi amami, ine ndimagona kwa agogo, akuti anamuthira magazi a ankolo. Abale, miyendo inazizira. Ndinamufunsa bwinobwino ngati tikungocheza, ndiye ndapeza kuti mu Febuluwale mwana anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka, anagonekedwa masiku 6, anamuonjezera magazi, anapereka ndi alamu anga. Ndabwerera pa WhatsApp kuona masiku amenewo, mauthenga ake ndi akuti ana ali bwino akusewera panja, mpaka ndi chithunzi chomwe, ndachiyang'anitsitsa ndi chakale, mtengo wa mango kumbuyoko uli ndi zipatso. Ndinaimbira mchemwali wanga wamng'ono ndikumupanikiza, waulula kuti mayi anga anaitanitsa anthu onse ndikulamula kuti aliyense atseke pakamwa, munthu ali ndi mfuti m'manja asasokonezeke mutu.

Chinanso chimene ndamva kwa mchemwali yemweyo. Pochoka khadi ya ku banki ndinasiyira achimwene anga aakulu chifukwa ndi amene akuyang'anira nyumba imene ndikumanga, madam amangolandira gawo lawo pamwezi. Akuti mwana atadwala madam anakapempha ndalama ya thiransipoti ndi zina zofunika kwa gadiyani, achimwene anayankha kuti yatsalayo ndi ya malata, sangaigwire popanda mawu anga, pomwe iwo omwewo anagwirizana kuti ine ndisauzidwe. Madam anakatenga ngongole ku banki m'khonde ndipo akubwezabe kuchokera pa ndalama ya ndiwo, chaka chino cha 2025 chomwe thumba la chimanga m'malo ena linayandikira K100,000.

Lero ndi tsiku lachisanu sindikugona. Madam sakudziwa kuti ndadziwa, dzulo tayankhulana iwo akuti zonse zili bwino ine ndikuti kunonso zili bwino, anthu awiri akuluakulu kunamizana pa bandulo yodula. Mtima wina ukuti ndiwakalipire onse, wina ukuti nanga iwe bingu lija. Ndiye funso langa, ndiwafunse pano kapena ndidikire ndikafike? Nanga za kuno ndiwauze zoona kapena ndipitirize? Ndipo khadi ija ndiichotse bwanji kwa achimwene popanda kuyambitsa nkhondo ina kumudzi ine ndili kutali? Otukwana tukwanani koma mundisiyireko nzeru.

Mkazi wa msilikali, Zomba: Alamu, ndikuyankheni ine amene ndadutsamo. Abambo a kunyumba kwathu anali ku Beni mu 2018, nthawi ija mu Novembala tinataya asilikali 6 pa kamodzi, kuphatikizapo malemu Chancy Chitete amene a UN anadzawapatsa mendulo chifukwa chopulumutsa mnzawo wa ku Tanzania. Sabata imeneyo kumalayini kuno galimoto ikangoima pakhomo pa munthu muli akuluakulu ndi abusa, tonse timasuzumira pawindo mitima ili m'mwamba kuti lero ndi kwa ndani. Ndiye mukuganiza kuti akazi anu sakudziwa za Goma? Ali ndi foni, ali pa magulu a azimayi, mavidiyo amafika kwa ife inu musanadzuke n'komwe. Amangovomera bodza lanu chifukwa akuona kuti likukuthandizani inuyo. Ine chaka chimenecho ndinapita padera, mimba ya miyezi inayi, apongozi anati usamuuze, ndinamvera. Atabwera ndikuwauza anakhala miyezi iwiri osandiyankhula bwinobwino, osati chifukwa cha mimbayo koma kuti anamva pomalizira pambuyo pa mudzi wonse. Musadikire kufika, pofika pano chikhala chitaola mumtima. Imbani, koma muyambe ndi bodza lanu, osati lawo. Mukayamba ndi lawo atseka pakamwa ndipo mwana wa sitandade 3 uja akwapulidwa chifukwa cha inu.

Membala wina: Koma asoja inu kkkk mukamapita ku Congo mumavina kuti tikadya madola, mukabwera Sienta pakhomo, lero mukulira chani? Ntchito munasankha nokha.

Mayi wina, Mzuzu: Iwe ulibe m'bale? Munthu akukamba za mwana wake anatsala pang'ono kufa iwe uli pa Sienta, mxiii. A admin anthu ena muziwachotsa.

Mwini nkhani: Musiyeni mayi, sanalakwe kwenikweni, nanenso pobwera ndimawerengera malata ndi simenti. Kungoti aise ukadzaona mnzako amene mwadya naye mpunga m'mawa akumukulunga madzulo, masamu aja amasintha.

Sajeni wopuma, Salima: Mwana wanga, ine nditsutsana pang'ono ndi mayi a ku Zomba. Mayi ako sanalakwe. Ife mu 1988 tinkalondera njanji ya ku Nacala ku Mozambique nthawi ya Renamo, kunalibe foni, kalata imayenda mwezi wathunthu, ine za maliro a bambo anga ndinamva atagona m'manda masabata atatu. Zinandiwawa, koma pano ndikaganiza ndimati mwina zinandisunga. Ukanamva mu Febuluwale kuti mwana wakomoka ukanatani? Ndege kulibe, msewu watsekeka, ukanangokhala pa gadi usiku maso ali kutchire mutu uli kuchipatala, ndipo munthu wotero amaphetsa anzake. Mayi ako anakubala, akudziwa mtima wako. Mafoni anuwa abwino koma akukupatsani katundu amene simungamusenze muli kumeneko. Pa nkhani ya khadi pokha ndiye walakwa ndiwe, osati mkulu wako. Mkazi amene wakuberekera ana awiri akapemphe ndalama ya mwamuna wake kwa mlamu? Konza zimenezo. Chinanso, mnzako wokuwa usikuyo usamuseke ndipo usamubise, mutengere kwa adokotala a pakampu kapena kwa abusa anu, ife anzathu otero tinkangoti alodzedwa, ena anathera mu kachasu. Iwenso masiku asanu osagona upite limodzi naye.

Mkazi wa msilikali, Zomba: Bambo, ndi ulemu wonse, nthawi yanu kunalibe mwana woyankha foni. Masiku ano chinsinsi sichikhala, ndiye bola amve kwa mkazi wake kusiyana ndi kutolera nyenyeswa kwa ana ndi achemwali.

Sajeni wopuma, Salima: Pamenepo mwanena zoona mayi. Poti wamva kale, afunse basi. Koma asakalipire mayi ake pafoni, zimenezo akakambe atakhala pansi pa mkeka.

Namwino, Lilongwe: Achimwene, ine ndingokambapo za mwanayo poti enawa akamba za banja. Malungo ofika pokomoka ndi kuonjezeredwa magazi kwa mwana wosakwana zaka ziwiri si nkhani yaing'ono, akazi anu anaona zoopsa masiku 6 amenewo, mwana ali pa diripi iwo akugona pansi pa bedi kwinaku akukulemberani kuti akusewera panja, muziganizirenso zimenezo musanakwiye. Chofunika kudziwa n'chakuti mwana amene watuluka m'chipatala atachepa magazi chonchi amakhalabe pachiopsezo miyezi ingapo yotsatira, malungo amatha kubwereranso. Muwauze akujambulireni buku lake la kuchipatala muone zimene analemba ndi tsiku lobwerera, azigona mu neti tsiku lililonse osati kuipachika kudimba, aziyang'ana zikhatho ndi m'maso ngati mwayera, thupi likangotentha asayambe ndi panado kudikira mawa, athamange tsiku lomwelo akayezetse. Akapita kusikelo afunsenso za katemera wa malungo, kuno kwathu anayamba mu 2019 m'maboma ena. Ndipo pakhomopo pazikhala kandalama kapadera pa Airtel Money kapena Mpamba ya mayiwo koti usiku akhoza kulipira njinga yamoto osagogoda kwa munthu.

Bambo wina, Kasungu: Inu musapusitsidwe, khadi ikhale kwa achimwene anu konko. Azimayi mukawapatsa khadi mukapeza nyumba ili pa windo level pomwe munaisiya, ndalama yathera ma wigi ndi kwawo. Tawaona ambiri.

Mayi wina, Blantyre: Ifenso tawaona ambiri achimwene omanga nyumba ziwiri ndi ndalama ya m'bale wawo, ina yawo ina ya mwini, ya mwiniyo n'kukhala yopanda denga. Mkazi amene wakatenga ngongole ku banki m'khonde kuti apulumutse mwana osadandaula kwa mwamuna wake ndi wa ma wigi ameneyo? A soja, funsani malisiti a malatawo kaye.

Membala wina: Sindikulosera zoipa bwana, Mulungu akusungeni mubwere, koma poti muli kumene muliko ndifunse, puloti imeneyo mapepala ake ali m'dzina la ndani ndipo akusunga ndani? Munalemba wilo? Kuntchito pa next of kin munalemba ndani, poti ambiri munalemba mayi kapena achimwene muli anyamata ndipo simunasinthe mutakwatira. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma lamulo limagwira bwino ntchito pamene pali pepala, popanda pepala mayi wamasiye amayenda maofesi mpaka nsapato kutha. Wilo si ya anthu olemera okha, mumalemba, kusainira pamaso pa mboni ziwiri zimene sizikupindulapo, nazonso n'kusainira. Za khadi musachite kulanda, auzeni achimwene kuti ntchito ya nyumba iime kaye mpaka mubwere mudzaone nokha, khadi apereke kwa akazi anu pamaso pa ankhoswe kapena amalume, ndipo muwathokoze pa zimene agwira. Akakana ndiye mwadziwa kuti pali nkhani, pamenepo muyankhule ndi a banki aitseke.

Mnyamata wina: Akulu inu mwalemba zambiri, za thanki, za jenereta, adani nawonso ali pa Facebook. A admin onani bwino.

Mwini nkhani: Ndakumva aise, ndasamala. Zimene ndatchula za masiku ndi manambala zinali kale pa wailesi, zina zonse ndi za m'mimba mwanga.

Mayi wina: Ine mawu ndilibe, mwana wanga naye ali komweko, ndikawerenga chonchi ndiye ndadziwa kuti bho bho amene amandiuzayo ndi wotani. Ambuye akubweretseni nonse.

Mwini nkhani: Mayi pepani, sindimafuna kukuonjezerani nkhawa. Pano kuli bata kusiyana ndi Januwale, chimenecho ndiye sindikunama.

Mwini nkhani: Ndabweranso abale, zikomo nonse, ndawerenga zonse olo zotukwana. Ndinatsata mawu a alamu a ku Zomba. Dzulo ndinapita pa thanki paja mochedwa anthu atachepa, ndinaimba ndikuti mayi a ana, pali chimene ndinakunamizani, tsiku lija silinali bingu. Anakhala chete kenako akuti ndimadziwa, bingu sililira kawiri mofanana, usiku umenewo sindinagone ndinakhala pakhonde mpaka kucha. Akuti mayina a anzathu aja atatuluka anawawerenga katatu kufufuza langa ngakhale tinali titayankhulana m'mawa mwake. Ndiye ine ndisanafunse n'komwe za mwana anayamba okha kulira ndikufotokoza zonse, mmene anakomokera pamsana ali panjinga, mmene magazi anavutira kupezeka mpaka kuitana achimwene awo usiku, akuti tsiku lachitatu anagwira foni kuti andiuze koma anaopa apongozi komanso anaopa kuti ndikamva ndichita zopusa. Sindinakalipe, mphamvu yake inachoka yokha. Ndangowapempha kuti mwana wamkulu uja asamukhudze, ndipo tapangana kuti kugonekedwa m'chipatala, maliro ndi ngongole tiziuzana tsiku lomwelo, zina zing'onozing'ono aliyense akhoza kusunga. Za mnzanga wa mutenti sindinawauze, ndipo zina za Januwale ndikuona kuti sindidzawauza, a Sajeni mwina mundimvetsa. M'mawa uno tapita naye kwa adokotala tonse awiri, iye amakana, ndinachita kumuuza kuti ukundiperekeza ine.

Buku la kuchipatala andijambulira, a namwino ndikutumizirani ku inbox kudzera kwa admin mundiwerengere, zolemba za madokotala ine zandikanika. Ngongole yatsala K62,000. Pa next of kin ndinalembadi mayi anga kalekale ndili mnyamata, bwana amene munafunsa uja mwandigwira pamenepo, ndiyamba kufunsa mmene amasinthira.

Kumene kwavuta ndi kwa achimwene. Ndawalembera mwaulemu monga munanenera kuti nyumba iime kaye, awerenga, ma tick abuluu, ayankha mawu amodzi okha akuti chabwino. Patangotha ola mayi anga aimbira madam kuwafunsa kuti wamuuza chiyani mwana wanga, ndiye pano mpira wagwera kwa munthu yemwe uja amene sanalakwe. Amalume foni yawo sikupezeka, akuti ali kumunda kudikira mbava za chimanga chachiwisi. Amene munadutsapo pa apongozi ndi mkazi ndiuzeni ndiyambire kuti, ndiimbire mayi lero lomwe kapena ndidikire amalume? Ndiwerenga mawa, batire yatsala 4% ndipo pa jenereta pali anthu asanu ndi awiri patsogolo panga.